KIYIBODI KAPENA KOMPYUTA: ZIMENE MBIRI IKUTIPHUNZITSA

Tsiku lina Lamulungu, Misa yachiŵiri itatha, mnyamata wina wa ku Manje amene amaimba kiyibodi m'kwaya yathu adanditsatira mpaka pakhonde. Adaima kanthaŵi akupotokola chipewa m'manja, kenaka adati: "Bambo, pepani, ndili ndi kankhani kofuna nzeru zanu. Amalume a ku Joni alonjeza kuti pobwera pa Khirisimasi adzanditengera chinthu chimodzi chokha, kiyibodi kapena laputopu. Amayi akuti ndisankhe kiyibodi poti ndi katundu wooneka ndi maso, ndipo anthu angamandiitane m'maukwati. Koma ine mtima wanga uli pa laputopu, chifukwa anzanga a ku Ndirande ndi ku Chilomoni akupanga nyimbo zathunthu m'chipinda chogona. Tsono ndichite chiyani?"

Funsolo silidali lamaseŵera ai. Banja la mnyamatayo ndi limodzi mwa mabanja amene adataya katundu m'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Manje, ku Chilobwe ndi m'madera ena oyandikana nawo. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho ndalama yathu ya kwacha idagwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliyense, ndipo katundu wochokera kunja adakwera mtengo koopsa. Pa banja lotere mwayi ngati umenewu subwera kaŵiri. Akasankha molakwa, adzadandaula zaka zambiri.

Sindidamuyankhe tsiku lomwelo, pakuti akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndidamuuza kuti abwerenso patapita sabata. M'masiku amenewo ndidakhala ndikulingalira za njira imene zida zoimbira zayenda m'dziko lathu lino ndi kunja komwe, ndipo ndidaona kuti funso la mnyamatayu nlakale kuposa iye mwini. Ndaganiza zokufotokozerani, aŵerengi okondedwa, chifukwa ndikudziŵa kuti m'nyumba zambiri za ku Bangwe, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri makolo ndi ana akukangana pa nkhani yomweyi.

Zida zopangidwa ndi manja

Tiyambire kwathu konkuno. Makolo athu sankagula zida zoimbira. Ng'oma ankasema okha, chisekese ankaluka okha, bangwe ndi kalimba ankapanga ndi thabwa, nsambo ndi tizitsulo tosula pamoto. Mzungu wina wotchedwa Hugh Tracey atayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 ndi makina ake ojambulira mau, adapeza akatswiri a zida zimenezi m'midzi yambiri, ndipo zimene adajambulazo zikusungidwa mpaka lero ku South Africa.

Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha mu 1945, asilikali obwerera kumudzi pamodzi ndi anthu ochokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Halale adabwera ndi banjo ndi gitala. Mu 1949 mudatuluka kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, kamene kankagulidwa mapaundi 5, ndipo nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka inkaulutsa nyimbo ndi nkhani m'Chinyanja. Motero mwana wa ku Chileka kapena wa ku Thyolo ankamva gitala pa wailesi ngakhale analibe ndalama zogulira gitalayo. Nanga adachita chiyani? Adatola chigubu cha mafuta, thabwa ndi waya, n'kudzipangira banjo yake. Ena adatenga bokosi lalikulu, ndodo ndi chingwe chimodzi, n'kupanga babatoni wolira ngati bingu.

Mwa ana otereŵa mudatuluka Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald a m'mudzi mwa Singano ku Chileka. Banja lao lidakhalako ku Halale, kumene adamva nyimbo za kwela zoimba ndi chitoliro. Mu 1967 katswiri wina wa za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adaŵapeza akuimba m'miseu ya mu Blantyre, ndipo pambuyo pake mbiri yao idafika mpaka ku Ulaya. Daniel, amene adamwalira mu 1987, ankaimba gitala ya nsambo zisanu mwa njira yakeyake, kotero kuti munthu womva osaona ankayesa kuti akuimba anthu aŵiri. Nayenso Allan Namoko wa ku Thyolo, munthu wosaona, adagwedeza dziko lonse ndi banjo ndi ng'oma zopanga pamanja m'gulu lake la Chimvu River Jazz Band.

Pano pali phunziro loyamba limene tiyenera kulisunga: nyimbo zimene timanyadira lero kuti nzathu zidabadwira pa zida zimene mmphaŵi ankatha kuzipeza.

M'mene magetsi adayambira kuimba

Tsono tiwoloke nyanja, tikaone kumene kiyibodi ndi kompyuta zidachokera. Koma poyamba tidzifunse: kodi mau a chida choimbira nchiyani? Mukakhudza nsambo ya bangwe, imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumagwedeza mpweya mpaka kufika m'khutu. Nsambo ikanjenjemera kokwana 440 pa sekondi imodzi, timamva liwu limene oimba amalitcha A. Anthu anzeru adazindikira kuti nawonso magetsi angathe kunjenjemeretsedwa chimodzimodzi, ndipo akaloŵa mu sipika amasanduka mau. Makina opanga mau mwa njira imeneyi, opanda nsambo, opanda chikopa ndi opanda mpweya wouzira, ndiwo amatchedwa synthesizer.

Ambiri amaganiza kuti pa nkhani ya nyimbo kompyuta ndi mwana wadzana. Mbiri ikutsutsa zimenezi. Mu 1957, ku Bell Labs m'dziko la Amereka, Max Mathews adalemba pulogalamu yotchedwa MUSIC imene idaimbitsa kompyuta ya IBM kanyimbo ka masekondi 17. Koma kompyuta imeneyo inkadzaza chipinda chonse, mtengo wake udali wa boma kapena kampani yaikulu, ndipo munthu ankayenera kudikira nthaŵi yaitali kuti amve zimene walemba. Inali nzeru yabwino imene idabwera nthaŵi yake isanakwane.

Mu 1964 Robert Moog adaonetsa ku New York synthesizer yake yoyamba, chimakina chodzaza ndi nthambo zolumikiza pamanja. Mu 1970 adatulutsa ina yaing'ono yotha kunyamulika, Minimoog, imene inkaimba liwu limodzi lokha pa nthaŵi imodzi, komabe mtengo wake udali pafupifupi madola 1,500. Oimba olemera a ku Ulaya ndi ku Amereka ndiwo ankaigula. M'menemo kwathu kuno limba limene ambiri ankalidziŵa lidali lija lopopa ndi mapazi la m'matchalitchi a pa mishoni.

Zinthu zidasintha kwambiri mu 1983. M'chaka chimenecho kampani ya Yamaha ya ku Japan idatulutsa kiyibodi yotchedwa DX7, yogwiritsa ntchito njira yopangira mau imene John Chowning adatulukira pa yunivesite ya Stanford mu 1967. Mtengo wake udali pafupifupi madola 2,000, ndipo idagulidwa yoposa 150,000. Mau ake onga belu ndi onga piyano adadzaza m'nyimbo za zaka zimenezo. Chofunika kuchidziŵa nchakuti m'kati mwa DX7 mudali kale kakompyuta koŵerengera manambala n'kumaŵasandutsa mau. Kunena zoona, pafupifupi kiyibodi iliyonse imene tikuiona lero m'matchalitchi ndi m'maukwati ndi kompyuta yovala thupi la limba. M'chaka chomwecho cha 1983, Dave Smith wa ku Amereka ndi Ikutaro Kakehashi wa kampani ya Roland adatsogolera pokhazikitsa MIDI, chilankhulo chimene zida za makampani osiyanasiyana zimamvanirana. Chifukwa cha MIDI, munthu angathe kudina kiyibodi imodzi, mau n'kutulukira m'makina ena. Mukumbukire zimenezi, pakuti tidzazifunanso kumapeto.

Kuchokera ku Kingston kufika ku Balaka

Komabe si makina odula aja amene adasintha nyimbo za anthu wamba. Mu 1981 kampani ya Casio idatulutsa kakiyibodi kakang'ono, MT-40, kamene ambiri ankakayesa choseŵeretsa ana. Kamodzi mwa timakina timeneti kadagwera m'manja mwa anyamata aŵiri a mumzinda wa Kingston ku Jamaica, Noel Davey ndi Wayne Smith. Adapezamo kamayimbidwe kena koikidwiratu ku fakitale, adapita nako ku situdiyo ya King Jammy, ndipo mu 1985 idatuluka nyimbo ya Under Mi Sleng Teng. Kuyambira pamenepo rege ya ku Jamaica idatembenukira ku makina. Oimba ng'oma ndi magitala ambiri adasoŵa ntchito m'masitudiyo, koma ana osauka ambirimbiri amene sakadatha kulipira gulu lonse la oimba adapeza khomo lotseguka.

Ku South Africa nakonso, m'zaka za m'ma 1980, nyimbo za Brenda Fassie, Yvonne Chaka Chaka ndi Chicco Twala zidamangidwa pa makiyibodi ndi makina oimba ng'oma. Makaseti ao adafika kuno m'zikwama za apaulendo, ndipo ankalira m'mabasi, m'magolosale ndi m'maukwati.

Kwathu kuno nkhani ya kiyibodi singakambidwe popanda kutchula Balaka. Kumeneko Paul Banda ndi anzake adayamba monga adayambira a Kachamba, ndi magitala a zigubu. Mu 1978 gulu la Alleluya Band lidakhazikitsidwa mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici a chipani cha Montfort ochokera ku Italy, ndipo anyamatawo adapeza zida zamagetsi. M'masiku amenewo woimba wofuna kujambula nyimbo ankadalira makamaka situdiyo ya wailesi ya MBC ku Chichiri. Pamene Paul Banda adayamba kujambula nyimbo ku Balaka konko mu situdiyo ya Imbirani Yahwe, oimba ochokera m'maboma ambiri adayamba kukhamukira kumeneko. Padabadwa mayimbidwe amene anthu adaŵatcha a ku Balaka: rege yofatsa, yotsamira pa kiyibodi, yokhala ndi mau a Chicheŵa okamba za umphaŵi, za ana amasiye ndi za chilungamo. Lucius Banda, mng'ono wake wa Paul, amene adatisiya pa 30 Juni 2024, adatulutsa chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, m'nyengo imene dziko linkaloŵa m'ndale za zipani zambiri, ndipo makaseti otere ankagulidwa ngati mandasi pa sitolo ya O.G. Issa ku Limbe.

Kiyibodi idachita zazikulu m'nyengo imeneyo. Munthu mmodzi ankatha kutulutsa mau a ng'oma, a malipenga ndi a gitala ya besi, motero mtengo wojambulira udatsika, ndipo makwaya ndi oimba a m'midzi adatha kukhala ndi kaseti yaoyao. Koma walira mvula walira matope. Posakhalitsa anthu adayamba kudandaula kuti nyimbo zambiri zikufanana, chifukwa aliyense ankadina mabatani omwewo ndi kutsanzira amene adatsogola. M'makwaya ambiri ng'oma ndi zisekese zidaikidwa pakona, m'malo mwake mnyamata mmodzi ankadina batani, makina n'kumaimba okha.

Situdiyo iloŵa m'chipinda chogona

Nzeru ija ya Max Mathews idadikira zaka pafupifupi 40 kuti makompyuta achepe thupi ndi mtengo. Mu 1996 kampani ya Steinberg ya ku Germany idatulutsa njira yotchedwa VST, ndipo pofika 1999 njirayo inkalola kuti synthesizer yathunthu ikhale pulogalamu chabe m'kati mwa kompyuta. Cha m'nthaŵi yomweyo, ku Belgium, Didier Dambrin adalemba kapulogalamu kotchedwa FruityLoops, kamene mu 2003 kadasintha dzina kukhala FL Studio. M'pulogalamu imeneyi munthu amangodina timabokosi pa galasi la kompyuta, ndipo ng'oma imalira pamene wadinapo. Safunika kudziŵa kuŵerenga manotsi, ngakhale kuika zala pa limba.

Kuno zimenezi zidafika pa nthaŵi imene mawailesi oima paokha ankatsegulidwa, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba kuulutsa mu 1999. Nyimbo zatsopano zinkafunika zambiri. Makompyuta akale ochokera kunja adayamba kupezeka m'misika, ndipo m'zaka zotsatira timasitudiyo tidamera ngati boŵa m'makwalala a Ndirande, Chilomoni, Bangwe ndi Zingwangwa: kachipinda kamodzi, matiresi kapena mathireyi a mazira kukhoma, maikolofoni imodzi ndi kompyuta pa tebulo.

Ana a m'makomboni a ku South Africa adaonetsa kutalika kwa njira imeneyi. Ku Durban, cha m'ma 2010, anyamata okhala ndi makompyuta otha ntchito adapanga mayimbidwe a gqom. M'makomboni a ku Johannesburg ndi ku Pretoria mudabadwa amapiano, amene lero akuvinidwa ku London ndi ku Lagos komwe. Liwu lija lolemera la amapiano, logunda pamtima ngati mtondo, ambiri amalipanga ndi kachida ka mu FL Studio kotchedwa Fruity DX10, kamene kamatsata njira ija ya John Chowning ya 1967. Ndipo lero pali pulogalamu yaulere, Dexed, imene imatulutsa mau a DX7 ija ya madola 2,000 popanda kulipira ngakhale tambala. Chimene chidali cha olemera okha mu 1983 chafika pa tebulo la mwana wa ku Manje.

Taonani tsono m'mene mbiri yadzibwerezera katatu. Banjo ya chigubu, kakiyibodi ka Casio, kompyuta ya pa kaunjika: nthaŵi zonse chida chonyozeka ndi chotsika mtengo ndicho chidabala mayimbidwe atsopano, chifukwa ndicho chidafika m'manja mwa anthu ambiri.

Tiziike pa sikelo

Kodi ndiye kuti amai a mnyamata uja adalakwa? Iyai. Mau a akulu akoma akagonera, ndipo pali zambiri zoikira kumbuyo maganizo ao.

Kiyibodi ukayatsa imalira pompo. Siigwidwa ndi mavairasi, siifuna intaneti, ndipo ikasamalidwa imatha zaka 20 ikugwirabe ntchito. Imaphunzitsa zala ndi khutu, pakuti woimba ayenera kupeza yekha pamene kwaya yayambira, kuitsata ikafulumira ndi kuidikira ikachedwa. Imabweretsanso ndalama zooneka msanga pa ukwati, pa chinkhoswe ndi pa misonkhano. Ikavuta nthaŵi ya njala, ingathe kugulitsidwa pa mtengo wabwinoko kuposa laputopu yakale. Koma ili ndi malire ake. Makiyibodi ambiri amene amafika kuno, monga a mtundu wa Yamaha PSR, ali ndi mau oikidwiratu ku fakitale amene woimba sangaŵasinthe kwenikweni. Synthesizer yeniyeni, imene munthu amaumba nayo liwu lakelake potembenuza timabatani, njodula ndipo siipezeka wamba m'masitolo a ku Limbe kapena a mu Blantyre. Kachipangizo kakang'ono kakafa m'kati mwake, mwina mudzadikira miyezi kuti wina abwere nako kuchokera ku Joni. Ndiponso kiyibodi payokha siikwanira kujambula nyimbo yonse pamodzi ndi mau a woimba. Pamapeto pake mudzapitabe kwa munthu wa kompyuta ndi kumlipira.

Laputopu nayo ili ndi ubwino wake. M'kati mwake mungakhale zida mazanamazana, ndi situdiyo yomwe. Munthu angajambule, kufufuta, kukonza ndi kutumiza nyimbo ku wailesi asanatuluke m'nyumba. Ili ndi batire, chinthu chimene tidaona kufunika kwake mu 2022, pamene namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira m'mwezi wa Januwale, ndipo kwa nthaŵi yoposa chaka magetsi ankathima maola ambiri pa tsiku. Madzi akaloŵa m'nyumba usiku, laputopu imakwana m'chikwama cha kumsana. Ingathandizenso azing'ono ake pa sukulu. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Laputopu imakalamba msanga, fumbi ndi kutentha zimaipha, mbala zimaikonda, ndipo ikafa mwadzidzidzi imapita ndi ntchito ya zaka zingapo ngati mwini wake sadasunge kwina. Ikakhala yofooka, liwu limachedwa kutuluka munthu atadina kale, zimene zimasokoneza woimba. Pamafunikanso zina zoonjezera, monga maikolofoni, mahedifoni ndi kabokosi kolumikizira mau, zimene ana athu saziŵerengera popempha.

Pali nkhani inanso imene sitiyenera kuibisa. Mapulogalamu ambiri amene ali m'timasitudiyo tathu ngobedwa, ndipo kaŵirikaŵiri ndiwo amabwera ndi mavairasi. Woimba amadandaula, ndipo ali ndi chifukwa, pamene anthu a mumsika akukopera nyimbo zake m'mafoni popanda kumpatsa kanthu. Bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze thukuta la anthu otere. Nanga iye mwini angadye bwanji thukuta la mnzake amene adalemba pulogalamu? Mwamwayi alipo mapulogalamu abwino operekedwa mwaulere ndi eni ake, monga LMMS, Surge XT ndi Dexed uja, ndipo woyamba kumene angayende nawo mtunda wautali ndi mtima woyera.

Choopsa chimene zida zonse ziŵiri zili nacho

Koma chimene chidandidetsa nkhaŵa koposa pamene ndinkalingalira mbiri imeneyi sichili pa mtengo kapena pa magetsi. Chida chilichonse chimabwera ndi chizoloŵezi cha kwao. Mukatsegula FL Studio, imakupatsani timabokosi 16, m'magulu anai a tinai-tinai, chifukwa umo ndimo m'mene nyimbo zambiri za ku Ulaya ndi ku Amereka zimayendera. Koma magule athu ambiri amayenda m'kaŵerengedwe ka 12, ng'oma ina ikugunda kutatu pamene inzake ikugunda kuŵiri, ndipo kukoma kwake kuli pa kulukana kumeneko. Mwana amene sadaimepo pabwalo la manganje, la tchopa kapena la chimtali adzangolandira timabokosi 16 tija monga lamulo, ndipo nyimbo yake idzamveka ngati ya kwina kulikonse. Chimodzimodzinso kiyibodi: mau ake adagaŵidwa m'masitepe 12 ofanana monga piyano ya ku Ulaya, pamene valimba ya ku chigwa cha Shire imachunidwa m'masitepe 7 otalikirana pafupifupi mofanana, amene pa kiyibodi wamba palibe.

Apa mpamene kompyuta ingakhale bwenzi, ikakhala m'manja mwa munthu wodziŵa. Timabokosi tija tingasinthidwe kukhala 12. Mapulogalamu ena, monga Surge XT, amalola kuchuna mau monga m'mene mukufunira. Mungathe kupita ndi maikolofoni kwa agogo oimba ng'oma, kujambula kugunda kwao, n'kumangira nyimbo pamenepo. Koma makina sangakuuzeni kuti muchite zimenezi; liyenera kukuuzani ndi khutu limene lidaleredwa pakati pa anthu.

Zitsanzo zilipo. Madalitso Band, anyamata aŵiri amene ankaimba m'miseu ya ku Lilongwe ndi gitala ya nsambo zinai ndi babatoni wopanga okha, afika pa mabwalo akuluakulu a ku Ulaya. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, amene adabadwa mu 1930, adajambula nyimbo zake zakale pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, ndipo kudzera pa intaneti liwu la nkhalambayo lidamveka m'maiko amene iye sadapondemo. Anthu akunja sadatengeke ndi kudula kwa zida. Adamva chinthu chimene kwao kulibe.

Yankho langa

Sabata itatha mnyamata uja adabweranso, ndipo ulendo uno adabwera ndi amai ake. Titakhala pansi ndidamufunsa kuti: "Mng'ono wanga, kodi ukufuna kumaimba pamaso pa anthu, kapena ukufuna kupeka nyimbo zako ndi kuzijambula?" Iye adati: "Kupeka, Bambo. Ndili ndi nyimbo zambiri m'mutu, koma ndilibe pozisungira." Ndidatembenukira kwa maiwo ndi kuŵafunsa chimene chinkaŵaopsa. Adati: "Bambo, ndaona ana a anzanga. Akapeza chimakina chimenechi amadzitsekera m'nyumba usana ndi usiku, zomvera m'makutu, osalankhula ndi munthu. Ndikuopa kutaya mwana."

Mau amenewo ngolemera kuposa zonse zimene ndalemba pamwambapa. A Kachamba ankaimba aŵiri kapena atatu, Alleluya Band lidali gulu, ngakhale anyamata a ku Kingston aja adanyamula kakiyibodi kao kupita nako kwa anzao. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nyimbo yopekedwa ndi munthu wosamvera anzake kaŵirikaŵiri imakomera mwini wake yekha.

Tsono ndidaŵalangiza motere. Popeza cholinga cha mnyamatayo nkupeka ndi kujambula, apemphe laputopu yamphamvu bwino, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Pa ndalama zake za maganyu asunge zogulira kakiyibodi kakang'ono ka MIDI, kamene kalibe mau akeake koma kamalamula zida za m'kompyuta, ndipo mtengo wake ngwotsika kwambiri poyerekeza ndi kiyibodi yathunthu. Motero zala zake sizidzaiŵala ntchito. Ayambe ndi mapulogalamu aulere, ndipo ntchito yake aziisunga paŵiri. Asasiye kwaya, kumene kiyibodi ya parishi ilipo kale ndipo angamaiimbe Lamulungu lililonse ndi pa maphunziro a pakati pa sabata. Pomaliza, kamodzi pa mwezi apite kwa mkulu wina wodziŵa ng'oma za kwao, akakhale pansi ndi kuphunzira. Akadandiyankha kuti akufuna kumaimba m'maukwati ndi m'magulu, ndikadamuuza mosazengereza kuti amvere amai ake, atenge kiyibodi. Mapanga aŵiri avumbwitsa. Munthu ayambe wadziŵa ntchito imene akufuna kugwira, chida chidzadziŵika chokha.

Maiwo adakhala chete kanthaŵi, kenaka adati: "Ngati kukwaya sasiya, ndavomera. Koma chitseko cha kuchipinda chizikhala chotsegula, ndizimva nawo zimene akupangazo."

Inu makolo amene mwana wanu wabwera ndi pempho longa limeneli, musafulumire kukana poganiza kuti nzachibwana, ndiponso musafulumire kugula poopa kuoneka otsalira. Khalani naye pansi, mumfunse chimene akufuna kuchita, amene adzamphunzitse, ndi anthu amene adzaimba nawo. Muŵerengere pamodzi mtengo wa zonse zofunika, ndi wa kukonzetsa komwe. Ndipo ngati m'banja mwanu mudakali agogo odziŵa bangwe, kalimba kapena nyimbo za pamtondo, mtumeni mwanayo akaŵajambule akadali moyo, pakuti zida zatsopano zidzabwerabe chaka ndi chaka, koma nkhalamba ikapita imapita ndi nyimbo zake.